Udzu mu Nazale ya Paini: Mankhwala Ali ndi Malo Ake

Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000 m'mapiri a Viphya ku Malawi, inachokera ku timbande ta paini toleredwa m'manazale. Masiku ano magulu a m'midzi nawonso akufesa paini, ndipo mdani amene amawatayitsa nthawi ndi udzu.

Paini, monga Pinus patula yemwe kwawo ndi ku Mexico, amakula pang'onopang'ono akangomera. Chisoso, kapinga ndi dawe zimampitirira msanga n'kumulanda madzi, chakudya ndi dzuwa. Mbande yotere imakhala yonyozoloka, ndipo nyengo yobzala mitengo ikafika mu Disembala, siipirira kumunda.

Chifukwa chakuti kuzulira ndi manja kumadya masiku ambiri, alimi ena amathamangira mankhwala ophera udzu. Apa m'pofunika kusamala. Glyphosate, yemwe ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti Roundup, sasankha: amalowera m'masamba n'kuumitsa chomera mpaka kumizu, kaya ndi udzu kaya ndi paini. Ntchito yake yoyenera ndi yolambula malo nazale isanakhazikitsidwe ndiponso njira za pakati pa mabedi. Mlimi athanso kuthirira dothi lodzaika m'machubu, kudikira kuti udzu umere, kenaka n'kuupopera asanafese.

Pali mankhwala ena, monga oxyfluorfen, amene manazale akuluakulu amapopera pabedi atangofesa, paini asanatuluke m'nthaka. Amenewa amakhala pamwamba pa dothi n'kupha udzu pamene ukumera. Koma muyezo ukapyola, kapena akapoperedwa pa timbande tanthete, amatiwaula. Mankhwala a m'munda wa chimanga okhala ndi atrazine amakhalitsa m'nthaka, choncho dothi la m'munda wopoperedwa si loyenera kudzazira machubu.

Wopopera avale magolovesi, nsapato zajombo ndi chophimba kukamwa ndi mphuno, asankhe m'mawa wopanda mphepo, ndipo asatsukire sipuleya mumtsinje umene gulu limatungamo madzi othirira. Ku Malawi mankhwala ovomerezeka ndi okhawo olembetsedwa ku bungwe la Pesticides Control Board. Ogulidwa m'timabotolo topanda chizindikiro angathe kupsereza nazale yonse.

Paini akamera, ntchito ya m'machubu imabwerera ku manja. Kuzulira sabata iliyonse dothi lili lonyowa, udzu usanazike mizu, kumateteza timizu ta mbande. Akulu anati mmera m'poyamba, ndipo matabwa odzachekedwa zaka zoposa 20 zikubwerazi akudalira chisamaliro cha miyezi yochepa imeneyi.