ULENDO WA KU LIKOMA NDI MAGOMBE A KUMPOTO

Abale athu amene muli m'migodi ndi m'mapulazi a maiko a eni, ambiri a inu mudziwa misewu ya ku Joni, ya ku Bulawayo ndi ya ku Kitwe, ndi maina ake omwe, koma Nyanja ya kwathu simunaiyendepo kupitirira dooko la mudzi wanu. Ena munabadwira ku komboni, ndipo nyanjayo muimva m'kamwa mwa agogo okha. Chifukwa chake lero tifuna kukuuzani za zilumba ziwiri za Likoma ndi Chizumulu, ndi za magombe a kumpoto kwa Nyanja ya Malawi, kumene tinayenda ndi kuona ndi maso athu. Malowa ndi okongola ndithu, komatu chimene chinatigwira mtima koposa ndicho makhalidwe a eni ake pochereza mlendo.

SITIMA YA ILALA

Njira yaikulu ya kumeneko ndiyo sitima ya pamadzi ya Ilala. Sitimayi inapangidwa ku Glasgow, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1949, ndipo inadza zidutswazidutswa kudzera ku Beira. Amisiri anailumikiza ku Monkey Bay, niyamba ntchito yake m'chaka cha 1951. Dzina inalitenga kwa Ilala woyamba, kasitima kamene a Mishoni ya Livingstonia analowa nako m'nyanja m'chaka cha 1875; ndipo kameneko kanatchedwa dzina la dziko la Ilala, kumene Dr. David Livingstone anamwalira m'chaka cha 1873.

Ilala inyamuka ku Monkey Bay kamodzi pa sabata, nikocheza ku Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe, kufikira Chilumba, ndi kubwereranso. Iri nkhalamba tsopano, ndipo nthawi zina ipumula kuti amisiri aikonze. M'kati mwake muli ngati msika woyenda pamadzi: matumba a ufa, malata, njinga, mbuzi, nkhuku ndi madengu a usipa wouma, ndi anthu atakhala pakati pa zonsezo. Pa madooko ang'ono sitima siyandikira mtunda. Iponya nangula patali, nitsitsa maboti ake, ndipo anthu atsikira m'menemo, mwana akumlandira manja ndi manja kufikira afika kwa amake. Usiku nyali za asodzi a usipa zichuluka pamadzi, kotero kuti munthu ayesa aona mudzi waukulu pamene palibe nyumba ndi imodzi yomwe.

CHILUMBA CHA MALAMBE

Likoma ndi chilumba chaching'ono, litali lake pafupifupi mailosi 5. Chiri kufupi ndi gombe la Mozambique, kotero kuti mapiri a tsidya ilo ndi mudzi wa Cobue zioneka bwino; koma kuchokera ku Nkhata Bay ndi ulendo wa maora angapo. Madzi ozinga zilumba ziwirizi ndi a Mozambique, pamene zilumbazo ndi za Malawi. Chifukwa chake nchakuti pamene Angerezi ndi Apwitikizi anagawana malire m'chaka cha 1891, amishoni Achingerezi anali atakhala kale pa Likoma, ndipo zilumbazo zinatsala m'manja mwa Angerezi. Pa kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu 14,527 pa zilumba ziwirizo.

Poyandikira m'mawa, choyamba kuoneka ndi malambe akuluakulu ataima pakati pa miyala, ndi mitengo ya mango yobiriwira m'midzi. Mchenga wa m'magombe ndi woyera, ndi madzi ali mbee, kotero kuti munthu ali m'bwato aona tinsomba ta mbuna, tobiriwira ndi tachikasu, tikusewera pa miyala ya pansi. Akatswiri a nsomba atiuza kuti nyanja yathuyi iri ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iriyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi.

Koma kukongola sikudyedwa. Nthaka ya pa Likoma ndi ya miyala ndi mchenga, chimanga sichichita bwino, ndipo nkhuni ndi zakudya zambiri zioloka ndi ngalawa kuchokera kumtunda. Munda weniweni wa munthu wa pa Likoma ndiyo nyanja, ndi khasu lake ndilo khoka la chilimira limene akolera utaka. Chakudya cha masiku onse ndi kondowole, nsima ya chinangwa. Amai aviika chinangwacho m'madzi masiku angapo kuti ululu wake uchoke, nachiyanika pa dzuwa, nachisinja.

KACHISI WA PA CHIPYELA

Chodabwitsa chachikulu cha pa chilumbachi ndicho tchalitchi cha Petro Woyera. Amishoni a U.M.C.A., ndiwo a Mpingo wa Anglican, anakhazika mishoni yao pano m'chaka cha 1885, ndipo mwa atsogoleri ao a zaka zoyamba munali William Percival Johnson ndi Chauncy Maples. Malo amene anamangapo atchedwa Chipyela, pakuti kale ndipo pamene ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Maples sanaione nyumbayo: anamira m'nyanja ndi namondwe m'chaka cha 1895, atangodzozedwa kumene kukhala Bishopu wa Likoma, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Johnson anagwirabe ntchito m'magombe a nyanja kufikira imfa yake m'chaka cha 1928.

Mwala wa maziko unaikidwa m'chaka cha 1903. Anayamba kupempheramo mu 1905, ndipo anaipatula kwathunthu mu 1911. Litali lake lipitirira mapazi 300. Inu amene mudziwa kulemera kwa mwala, taganizani: panalibe galimoto, panalibe makina onyamulira. Miyala anaiphwanya pa chilumba pomwepo, amuna ndi akazi naisenza pamutu, ndipo mitengo inaoloka nyanja. Munthu akalowamo masana, kuunika kwa dzuwa kukupyola m'magalasi a mawangamawanga, angoti kakasi, osakhulupirira kuti ali pa kachilumba ka asodzi.

Pamodzi ndi tchalitchi panadza sukulu ndi chipatala. Ana a pa Likoma anadziwa kuwerenga ndi kulemba pamene midzi yambiri ya kumtunda inali isanaone buku. Tsono popeza nthaka sikanatha kuwadyetsa onse, anabalalika, nakhala aphunzitsi, akalaliki, ansembe, amisiri ndi amalinyero m'maiko onse ozungulira.

CHIZUMULU NDI UTSI WA PA NYANJA

Chizumulu chiri kumadzulo kwa Likoma, ndipo ndi chaching'ono koposa. Munthu wa miyendo yabwino achizungulira chonse dzuwa lisanapendeke. Minda ya chinangwa ikwera m'mapiri ake, ndi m'gombe muli matandala oyanikapo nsomba. Kuno tsiku lofika sitima ndilo tsiku lalikulu, ndipo ngakhale ifike pakati pa usiku, mudzi udzuka.

Tiri pano tinaona chinthu chimene mlendo aliyense achiyesa moto. Kutali pamadzi kunakwera mizati yakuda ngati utsi wa lupsa. Si utsi ai, koma nkhungu, tizilombo touluka tating'onoting'ono, timene tibadwira m'madzi ndi kutuluka tonse pamodzi. Mphepo ikatifikitsa kumtunda, amai atikola ndi malichero onyowa, natiumba timitanda, natiphika kukhala ndiwo. Livingstone yemwe anaziona zimenezi pa ulendo wake wa m'chaka cha 1861.

MAGOMBE A ATONGA NDI ATUMBUKA

Kuchoka pa zilumba sitima ioloka kumka ku Nkhata Bay, dziko la Atonga, kumene mapiri a nkhalango atsikira m'madzi mwenimweni. Kumwera kwake kuli Bandawe, kumene Dr. Robert Laws anasamutsira Mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1881, asanakwere nayo ku Khondowe mu 1894. Kumpoto kwa Nkhata Bay gombe lisanduka khoma. Ku Usisya kuli kachigwa kamchenga kotsamira phiri. Ku Ruarwe mudzi ukangamira pa matanthwe, mtsinje ukugwa pa mathithi kumbuyo kwake, ndipo anthu ayenda pa bwato kapena pa tinjira ta miyendo. M'dera lomweli ndimo nyanja izama koposa, pafupifupi mamita 700, ndiwo mapazi opitirira 2,000. Inu otsika m'mgodi mudziwa bwino kutalika kwake kwa dzenje lotere. Pofika ku Chilumba, mapiri a Nyika aima kumadzulo, ndi mapiri a Tanzania aoneka tsidya lija ngati mtambo.

MLENDO NDI MAME

Tsono tinene za kuchereza. M'midzi yonseyi tinapeza mwambo umodzi. Mlendo akati "Odi," amyalira mphasa pa mthunzi, nampatsa madzi osamba m'manja, namuikira kondowole ndi utaka kapena chigwada, ndipo za ulendo wake amfunsa atatha kudya. Wotsika m'sitima usiku wopanda mbale samleka agone pa mchenga. Pochoka amperekeza kufikira kumadzi, kawirikawiri ndi kamtolo ka usipa m'manja. Pa Likoma alankhula Chinyanja cha mtundu wao, ku Nkhata Bay Chitonga, kumpoto Chitumbuka, koma mlendo wodziwa kunena "Yewo" sasowa bwenzi. Akapeza nyengo ya magule, adzaona anyamata a malipenga atavala zoyera, akuguba monga asilikali, ndi amai akuvina chioda.

Tinadzifunsa kuti, anthu a nthaka yosauka chotere aoloweranji manja? Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma tiyesa chiripo chifukwa china. Magombe amenewa ndiwo anayamba kale kutumiza ana ao kunja. Atonga anali mwa oyamba kugwira ntchito ya tengatenga kwa a Mandala, ndipo pambuyo pake anatsikira ku migodi ya kumwera. Clements Kadalie, amene anayambitsa chigwirizano cha antchito cha I.C.U. ku Cape Town m'chaka cha 1919, anali mwana wa kufupi ndi Bandawe. Chotero nkovuta kupeza nyumba imene iribe mwana, mlongo kapena mwamuna amene ali mlendo kwina. Mai wopakulira mlendo nsima akumbukira wake amene ali ku Joni, nayembekeza kuti winanso ampakulira kumeneko.

MALANGIZO KWA WOFUNA KUPITA

Wofuna kuyenda ulendowu asankhe nyengo. Kuyambira mwezi wa May kufikira August mphepo ya mwera iomba kuchokera kumwera, ndipo mafunde akula ngati a nyanja ya mchere. Nyanjayi si ya masewera: pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inamira kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anatayika. Musakwere bwato lodzala kupitirira muyeso, ngakhale mwini wake akukokeni. Ndipo asodzi akati lero sitioloka, mverani. Tengani bulangete pakuti usiku pamadzi pazizira, tengani kamba, ndipo musapangane ndi munthu za ora lofika. Pofika m'mudzi yambani mwaonekera kwa mfumu. Musakane chakudya, ndiponso musaturutse ndalama pa mphasa monga muli m'sitolo. Shuga, sopo kapena mchere woperekedwa kwa mai wa nyumba ndiwo mayamiko oyenera.

MAU KWA MACHONA

Potsiriza tilankhula ndi inu amene kwanu ndi kumagombe amenewa, ndipo zaka zapita osalemba kalata, osatumiza mau. Tidziwa chimene chikumangani miyendo. Munachoka ndi lonjezo la kubwera ndi malata ndi khoka latsopano, koma ndalama zinathera m'njira, ndipo manyazi akula chaka ndi chaka. Tamverani, abale. Ife tinaona nkhalamba zikutsikira kudooko tsiku la sitima, zosayembekeza katundu, zingopenyetsetsa nkhope za otsika. Anthu amene ayalira mphasa munthu wosamdziwa dzina, kodi adzapitikitsa mwana wao chifukwa wadza ndi sutikesi yopepuka? Kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ngati ya ulendo siinakwane, yambani ndi mau, pakuti masiku ano lamya ifika ndi pa zilumba pomwe.

Ndipo kwa ife tonse otsala kuno, mwambo wa kunyanja utitsate. Mnyamata wachilendo akafika pa komboni kapena pa pulazi, wosadziwa chinenero, wopanda pogona, tisayambe ndi kumfunsa mtundu wake. Timpatse madzi ndi nsima poyamba, monga amake akadachitira mmodzi wa ife. Tsalani ndi mtendere.