Masabata Atatu a Galu Wamkazi: Za ku Norway, ku Bhutan ndi Zakuno Kwathu

Kukazizira, makamaka mwezi wa June, tulo timavuta m'makwalala a ku Ndirande, ku Kawale ngakhalenso kumidzi. Chigulu cha agalu aamuna chimazinga nyumba imodzi usiku wonse, kuuwa, kulumana ndi kuboola mpanda waudzu. Chawasonkhanitsa ndi galu wamkazi mmodzi amene walowa m'nyengo yofuna amuna. Mwininyumba amatuluka ndi chikuni, n'kuwabalalitsa, n'kubwerera kukagona. Pakatha miyezi iwiri, pansi pa nkhokwe pamamveka kulira kwa tiana tomwe palibe anatikonzekera.

Ambiri amati June ndiye mwezi wa agalu, koma thupi la galu wamkazi siliyendera mwezi umodzi. Nyengo yake yoyamba imafika ali ndi miyezi yapakati pa 6 ndi 12, ndipo agalu a matupi akuluakulu amatha kuchedwerapo mpaka chaka ndi theka. Kuchokera apo imabwera pafupifupi kawiri pachaka, kupatula mitundu yochepa monga Basenji wa ku Congo, amene amalowa kamodzi kokha. Nyengoyi imatenga masabata awiri kapena atatu. Masiku oyambirira kumaliseche kumatupa ndipo kumadontha magazi, koma galuyo amakana amuna, amawakalipira kapena kukhala pansi. Magaziwo akayamba kuchepa ndi kuyererako, m'pamene amalola. Apa ndi pomwe eni ake ambiri amaphonya: amaona kuti magazi asiya, n'kumumasula pa masiku enieni otengera bere. Berelo limatenga masiku pafupifupi 63, ndipo ana obadwa tsiku limodzi amatha kukhala a abambo osiyana.

Kuno kwathu galu ndi mlonda, ndipo kumudzi ndi mnzake wa mlenje. Amadya mkute ndi phala la madeya, amagona pakhonde, masana amayenda mmene wafunira. Munthu akamapempha kagalu kwa mnzake amafunsa kaye ngati kali kakamuna, chifukwa wamkazi amabweretsa chigulu chija ndi pakamwa pambiri pofuna kudyetsa. Tiana tatikazi ndi timene timatsalira. Tina timaperekedwa tisanaleke kuyamwa, tina timanyamulidwa m'manja ndi anyamata m'mbali mwa misewu ya Lilongwe, padzuwa, kudikira galimoto yoti iime. Tambiri timafa ndi njoka zam'mimba, nkhupakupa ndi matenda otsekula tisanakwanitse chaka.

Ku Norway nkhani ndi ina. Lamulo lawo losamalira nyama, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2010, sililola kuchotsa chiwalo cha nyama popanda chifukwa cha umoyo wake kapena chifukwa china chomveka bwino. Choncho dokotala wa ziweto sangangofula galu kapena kumuchotsa chiberekero chifukwa choti mwini wake watopa naye. Agalu ambiri a kumeneko amakalamba ziwalo zili zonse, komabe m'misewu ya Oslo simupezeka agalu osowa kwawo. Chinsinsi chake ndi chingwe ndi chitseko. Galu amagona m'nyumba, amatuluka ndi mwini wake, ndipo kuyambira pa 1 April mpaka pa 20 August chaka chilichonse lamulo limati akhale womangidwa pachingwe kapena wotsekeredwa. Wamkazi akalowa m'nyengo, mwini wake amamuyang'anira masabata atatu onsewo.

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Ofufuza a ku Sweden, komwenso agalu ambiri sachitidwa opaleshoni, anapeza kuti pafupifupi galu wamkazi mmodzi mwa anayi alionse amadwala matenda a mafinya m'chiberekero, omwe madokotala amawatcha pyometra, asanafike zaka 10. Matendawa amayamba pakapita masabata angapo nyengo itatha. Galu amafooka, amamwa madzi kwambiri, amakana chakudya, nthawi zina amatuluka zonunkha. Ku Stockholm amathamangira naye kuchipatala usiku womwewo. Ku Nsanje kapena ku Chitipa galu wotere amangofera kuseri kwa nyumba, anthu n'kumaganiza kuti wadyetsedwa poizoni.

A ku America anasankha mpeni. M'zaka za m'ma 1970, malo osungirako ziweto zotayidwa ankapha agalu ndi amphaka mamiliyoni ambiri chaka chilichonse chifukwa chosowa owatenga. Mabungwe anayamba kulalikira kuti galu aliyense wosafunikira kuswa atsekedwe mwa opaleshoni, ndipo chiwerengero chija chinatsika kwambiri. Mzinda wa Los Angeles unafika poika lamulo mu 2008 loti galu kapena mphaka wopitirira miyezi inayi achitidwe opaleshoni, kupatula ochepa monga a oweta ovomerezeka. Koma nawonso aphunzirapo kanthu. Mu 2013 akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis anaonetsa kuti agalu a mtundu wa Golden Retriever otsekedwa asanakwanitse chaka ankavutika kwambiri ndi mfundo za m'chiuno ndi m'mawondo. Mu 2020 anafufuza mitundu 35 n'kupeza kuti vutoli limakonda agalu akuluakulu, pomwe ang'onoang'ono ambiri silikuwakhudza. Masiku ano madokotala ambiri a kumeneko amayang'ana kaye mtundu ndi msinkhu wa galu asanatchule tsiku.

Ku Britain maso ali pa woweta. Ku England, munthu woswetsa agalu katatu kapena kuposa pachaka n'kumagulitsa ana amayenera kukhala ndi chiphaso, ndipo kagalu sikagulitsidwa kasanakwane masabata 8. Lamulo lotchedwa Lucy's Law, la mu April 2020, linaletsa mavenda ndi masitolo kugulitsa tiana tosakwana miyezi 6: wogula apite kwa woweta yemwe, akaone kagaluko kali ndi mayi wake. Bungwe la Kennel Club sililemba m'kaundula ana a galu amene waswa kale kanayi, kapena amene anakweretsedwa asanakwanitse chaka. Ku Norway khoti lalikulu linafika poletsa mu 2023 kuswetsa agalu a mtundu wa Cavalier King Charles Spaniel chifukwa cha matenda akumtundu omwe anawamera mizu.

Malamulo amenewa akunena za bizinesi yomwe ikukulanso m'mizinda yathu. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali malonda a ana a German Shepherd, Boerboel ndi Rottweiler pa mitengo yokwera. Alipo oweta osamala, otemera ana awo ndi kupumitsa mayi. Aliponso ena omwe galu wamkazi amamuona ngati chigayo: nyengo iliyonse bere, kukweretsa mwana kwa bambo wake, kulanda ana akadali pabere. Wogula wanzeru angachite yekha zomwe lamulo la ku England limakakamiza: kupita kukhola, kuona mayi wake, kufunsa kuti waswa kangati, ndi kupempha khadi la katemera.

Komabe maiko ofanana kwambiri ndi Malawi pankhaniyi ali ku Asia. Mumzinda wa Jaipur ku India, bungwe la Help in Suffering linayamba mu 1994 kugwira agalu am'misewu, makamaka aakazi, kuwatseka, kuwatemera, n'kuwabwezera pomwe anawatenga. Chiwerengero cha agalu chinatsika, ndipo imfa za anthu za chiwewe zinatheratu m'madera omwe ntchitoyi inkachitika. Dziko la Bhutan, mothandizana ndi Humane Society International, linayamba ntchito yomweyi mu 2009, ndipo mu 2023 linalengeza kuti lamaliza, litatseka ndi kutemera agalu oposa 150,000.

Chomwe chimamangiriza kuswana kwa agalu ku moyo wa anthu ndi chiwewe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri a ku Africa ndi Asia, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Kuti chiwewe chileke kuyenda m'dera, agalu 70 mwa 100 alionse ayenera kukhala otemeredwa. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linatemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20, ndipo ntchitoyo inaonetsa kuti agalu ambiri zedi oyendayenda m'makwalala ali ndi eni ake. Vuto n'lakuti agalu athu amafa msanga ndipo amaswana msanga. Otemeredwa akamatha, malo awo amalowa tiana tatsopano topanda katemera, ndipo ndi tomweto tomwe ana amakonda kusewera nato. Kuwombera agalu pakatha nthawi yolamula kuti amangidwe sikuthetsa izi, chifukwa otsala amadzazanso malowo.

Palinso nthenda ina yomwe alangizi a ziweto amaidziwa bwino: chotupa chofiira, chosachedwa kutuluka magazi, chomera kumaliseche, chomwe agalu amapatsirana pokwerana. Chimachizika ndi jekeseni zingapo, koma chimafala kwambiri komwe agalu amakwerana mwachisawawa. Ndipo agalu akagwirana, zomwe zimatha kutenga theka la ola, kuwagenda kapena kuwakoka kumangowavulaza onse awiri. Bere silipewedwa motero.

Ambiri amaopa kuti galu wotsekedwa amasanduka waulesi, osauwanso akuba. Kulondera pakhomo sikuchokera m'chiberekero. Chomwe chimasintha n'chakuti amanenepa msanga, choncho chakudya chiyenera kuchepetsedwa pang'ono, ndipo ena, makamaka akuluakulu, amavutika kusunga mkodzo akamakula, vuto lomwe lili ndi mankhwala. Phindu lake n'lakuti mafinya a m'chiberekero sadzabweranso, chiopsezo cha zotupa za m'mawere chimachepa akatsekedwa akadali wamng'ono, ndipo mphamvu zomwe zikanathera pa ana zimakhala zake. Jekeseni zolera si njira yachidule, chifukwa zimakulitsa chiopsezo cha mafinya omwewo.

Chopinga chenicheni ndi ndalama ndi mtunda. Madokotala a ziweto ndi ochepa, ngakhale kuti yunivesite ya LUANAR ku Bunda tsopano ikuwaphunzitsa konkuno, ndipo mabungwe a LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre amachita maopaleshoniwa, nthawi zina m'madera mwenimweni mwa anthu. Amene ali ndi mpanda wanjerwa ndi khola lolimba angathe kutsata njira ya ku Norway, makamaka ngati galu wake ndi wamkulu thupi ndipo akufuna akhwime kaye, bola amutsekere masabata atatu athunthu, osati masiku a magazi okha. Amene galu wake amagona pakhonde lopanda mpanda ali pafupi ndi Jaipur kusiyana ndi Oslo. Kwa iyeyo tsiku labwino lokaonana ndi dokotala ndi galu asanalowe m'nyengo yoyamba, kapena patatha miyezi iwiri kapena itatu nyengo itadutsa, ndipo ulendo womwewo akabayitsenso katemera wa chiwewe.