Kodi Akatswiri a Zachuma Aphunzira Chiyani?

Alimi anzanga a ku Mangochi, mwamva kawirikawiri pa wailesi mau akuti "akatswiri a zachuma", ndipo ena a inu muyesa kuti ntchito yao ndi kuwerenga ndalama za Boma. Si pokhapo iai. Iwo aphunzira m'mene anthu asankhira pamene zinthu zili zosakwanira onse.

Inu muchita zimenezi chaka ndi chaka. Munda ndi umodzi, manja ndi awiri. Mukabzala thonje lambiri, chimanga chichepa, ndipo chimanga chimene mwalephera kulimacho ndiwo mtengo weniweni wa thonjelo. Akatswiriwa afufuzanso za mitengo ya pamsika. Mu Meyi aliyense ali ndi chimanga, tsono ogula achigula motchipa. Mu Febuluwale nkhokwe zatha, ndipo thumba lomwelo muligula modula. Adam Smith wa ku Scotland analemba buku lotchuka la nkhani zotere m'chaka cha 1776.

Koma phunziro lalikulu lili kwathu konkuno, pa nyanja ya Malombe. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 chambo chinali chochuluka kumeneko. Msodzi aliyense anaona kuti akaonjeza khoka, phindu ndi lake yekha, pamene kuchepa kwa nsomba kugwera onse. Motero makoka anachuluka, maso ake nachepa, ndipo nkacha zinakokolola kasawala asanakule. Pofika m'zaka za m'ma 1990 chambo chinali chitasowa, asodzi natsala ndi kambuzi. Sindinena kuti asodziwo anali opusa. Munthu akasiya kasawala m'madzi, mnzake amugwira mawa. Nanga iye asiyirenji? Apa ndipo pagona funso limene livutitsa akatswiri: chimene chili chanzeru kwa munthu mmodzi chikhoza kusaukitsa mudzi wonse.

Ena anati mankhwala ake ndi kuti Boma lilonde nyanja lokha. Koma Boma lilibe maso pa doko lililonse. Mai Elinor Ostrom a ku America anayendera nkhani za asodzi, za nkhalango ndi za madzi othirira m'maiko ambiri, napeza kuti eni ake asunga bwino chuma chao akapanga okha malamulo ndi kulanga owaphwanya. Analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2009 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Ku Malombe njira yotere inayamba mu 1993, pamene a Dipatimenti ya Zansomba anakhazikitsa makomiti a m'madoko kuti ayang'anire maso a makoka ndi nyengo yotseka nyanja nsomba zikamaswa. Chambo sichinabwerere monga kale, pakuti kuuza munthu wanjala kuti apachike khoka miyezi ingapo ndi chinthu chovuta, ngati alibe munda wompatsa chakudya. Ndicho chifukwa chake ife alangizi a zaulimi tifika ndi ku madoko komwe, kukamba za chinangwa, mbatata ndi madimba.