Ntchito ikatha, kodi ZIMRA imadulanso msonkho?

Abale ndi alongo a ku Tongogara, ndikulemba kuchokera kuno ku Chitungwiza, kumene ndimathandiza mabanja athu okhala ku St Mary's, Zengeza ndi Seke. Ambiri mwa inu mumadalira kangachepe kamene achibale ogwira ntchito kuno amatumiza, ndiye wina akachotsedwa ntchito mumandifunsa kuti alandira zingati, ndipo boma litengapo zingati.

Amene anakhalapo ku South Africa amayamba ndi kufunsa za UIF. Kumeneko wantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, abwana nawonso amaikapo 1 peresenti, ndipo zimene munthu amalandira ku thumbali ntchito ikatha sizidulidwa msonkho. Ku Zimbabwe thumba lotere kulibe. NSSA imene mumaiona pa pepala la malipiro imathandiza okalamba, olumala, ovulala pantchito ndi amasiye. Siilipira munthu chifukwa choti ntchito yamuthera.

Chimene chilipo kuno ndi ndalama za retrenchment, zimene abwana amapereka kamodzi kokha akamachepetsa antchito. Ndalama zimenezi ZIMRA imaziwerenga ngati malipiro, koma simadula pa zonse. Lamulo limasiya gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena ndalama ina yokhazikika ngati imeneyo ndiyo yochuluka, kuti isakhudzidwe, ndipo pali malire amene gawolo silingapyole. Manambala ake amasintha ndi bajeti ya boma, choncho musatengere zimene analandira mnzanu zaka zapitazo. Zotsalazo zimadulidwa PAYE, kenako AIDS levy ya 3 peresenti. Apa ambiri amachita mantha pachabe. 3 peresentiyo amawerengera pa msonkho, osati pa ndalama zonse. Msonkho ukakhala madola 100, levy ndi madola 3 basi.

Pali zinthu ziwiri zimene zimapweteketsa anthu. Ndalama za masiku a tchuthi amene munthu sanapite sizilowa m'gawo lokhululukidwa lija, zimadulidwa msonkho ngati malipiro wamba. Chachiwiri ndi chachikulu: kukhululukidwaku n'kwa retrenchment imene yadutsa m'njira yovomerezeka. Abwana ena, pofuna kuthawa mapepala, amanyengerera wantchito kuti alembe kalata yosiya yekha ntchito, ati zinthu ziyende msanga. Ine ndimawauza anthu kuti asasaine tsiku lomwelo. Atenge pepalalo, aliwerenge kunyumba ndi munthu wodziwa Chingerezi bwino, chifukwa wosiya yekha sakhalanso wa retrenchment.

Asanalipire, abwana amayenera kupempha ku ZIMRA kalata yonena kuchuluka kwa msonkho woti adule, yotchedwa tax directive. Wantchito apemphe kuiona, apemphenso fomu ya P6 yosonyeza zimene analandira ndi zimene anadulidwa chaka chimenecho. Kalata yomuchotsera ntchito aisunge pamodzi ndi mapepala a malipiro.

Zonsezi zikukhudza olembedwa ntchito mwalamulo, ndipo kwa ife othawa kwawo zimenezi zimafuna chilolezo chogwirira ntchito. Wamaganyu wolipidwa pamanja PAYE sadulidwa, komanso tsiku lomuchotsa alibe pepala loti aonetse pofunsa zake.

Ena munafunsanso za thandizo la WFP ndi UNHCR. Limenelo si malipiro a ntchito, ndiye PAYE palibe. Wina akakuuzani kuti mumupatse "msonkho" musanalandire, kanenereni ku ofesi ya pamsasa.