Kompyuta ya mu Star Trek ndi kompyuta ya pakhomo pathu



Pamene Television Malawi inkayamba kuulutsa m'chaka cha 1999 pa Kwacha, pafupi ndi kuno ku Chitawira, nyumba zokhala ndi wailesi ya kanema zinali zowerengeka. Masiku ano mnyamata wa sekondale amabwera ndi mafilimu m'thumba, pa kafulashi, n'kukabaya pa kompyuta yomwe bambo ake amalembera makalata a komiti ya mzikiti.

Mwa mafilimu otere muli Star Trek, sewero la ku America lomwe linayamba mu 1966. Ndi nthano ya anthu oyenda m'chombo pakati pa nyenyezi. Olikonda akakumana, mkangano sulephera: mtsogoleri weniweni ndani, Kirk wopupuluma uja kapena Picard wodekha amene anabwera mu 1987? Ine ndikafunsidwa ndimatchula wachitatu, Sisko wa m'gawo la Deep Space Nine, lomwe linaonetsedwa kuyambira 1993 mpaka 1999. Iyeyu ndi bambo wachikuda yemwe mkazi wake anamwalira, ndipo akulera yekha mwana wake Jake uku akuyendetsa ntchito yaikulu. Ana athu saona kawirikawiri bambo wotere pa kanema. M'gawo lomweli muli dokotala Bashir, ndipo amene amasewera mbali yake ndi Alexander Siddig, wobadwira ku Sudan, mwana wa m'bale wake wa Sadiq al-Mahdi yemwe anakhalapo nduna yaikulu ya dzikolo. Ngakhale dzina la mayi Uhura wa m'gawo loyamba linachokera ku mawu a Chiswahili otanthauza ufulu.

Komabe makolo musatayirire. M'gawo la Sisko muli zolengedwa zopeka zomwe mtundu wina wa m'nthanomo umazipembedza n'kumazitcha aneneri. Palinso makina osamutsa munthu m'kuphethira kwa diso, ndipo mwana wa madrasa sachedwa kuwayerekeza ndi mpando wachifumu wa mfumukazi ya ku Saba umene unafikitsidwa kwa Mneneri Sulaiman, mtendere ukhale pa iye, monga tiwerengera mu Surah An-Naml. Khalani naye pansi mumuuze kuti za Sulaiman zinachitika mwa mphamvu ya Allah, pamene za pakanemazo ndi luso la ojambula. Ndiye ikamveka adhana ya Maghrib, chombocho chiyambe chaima.

Tsono chimene chimandiseketsa ndi kompyuta ya m'chombomo. Amangoilankhula iyo n'kuyankha. Magetsi sathima, fumbi kulibe, mphemvu simulowa. Yathuyi ndi ina, ndipo anyamata ambiri odziwa dzina la chombo chilichonse sadziwa kusamala makina ali patsogolo pawo.

Tiyambe ndi magetsi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira. Kompyuta ya patebulo ilibe batire ngati laputopu. Zimene mukulemba zimakhala m'chikumbumtima chake chosakhalitsa, choncho magetsi akangothima, zonse zomwe simunasunge zikhoza kupita. Zolowerani kudina Ctrl pamodzi ndi S mukangomaliza ndime iliyonse. Amene angathe agule kabokosi kotchedwa UPS, komwe kamapereka mphindi zingapo zoti musunge ntchito ndi kuzimitsa bwino. Magetsi akathima zulani pulagi kukhoma, chifukwa pobwerera nthawi zina amabwera ndi ukali n'kupsereza zam'kati. Chitani chimodzimodzi kukamachita ziphaliwali.

Kwanu kunyanja mdani wina ndi kutentha. M'bokosi la kompyuta muli kafani koziziritsa, ndipo timabowo take tikatsekeka ndi fumbi makina amatentha n'kumazima okha. Musaliike pansi pa simenti kapena kulikanikiza kukhoma. Amayi, nsalu yokongola ija muzivundikira makina akazima ndi kuzizira, osati ali kugwira ntchito.

Kafulashi ka mafilimu kaja ndiye khomo lalikulu la mavairasi, poti kamakhala katayenda m'makompyuta ambiri. Kapimeni ndi pulogalamu yoteteza musanakatsegule. Mukaona kuti mafoda anu asanduka timivi tolozera kwina, musadinepo. Kaundula wa ana a madrasa, maakaunti a zakaat ndi zithunzi za nikah zikhale ndi kope lachiwiri pa fulashi ina yosabwereketsa. Ana apatseni khomo lawolawo lolowera pa kompyuta, lopanda mphamvu yoika mapulogalamu. Dziwaninso kuti kampani ya Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okotobala 2025, ndiye pogula kompyuta yakale funsani ngati ingalandire Windows 11.

Mukafufuta chinthu mwangozi, Ctrl ndi Z amachibweza.

Chomaliza ndi cha ife olemba zophunzitsira. Mukawonjezera Chiarabu pa zinenero za Windows, batani la Windows pamodzi ndi batani lalitali la m'munsi limakusinthirani pakati pa zilembo za Chingerezi ndi za Chiarabu. Mu Microsoft Word muli chinsinsi china chokoma. Lembani U+FDFA kenaka dinani Alt ndi X: pomwepo patuluka chizindikiro cha ﷺ chomwe timaika tikatchula dzina la Mtumiki Muhammad. Lembani U+0175 n'kudina chimodzimodzi, mupeza ŵ wa m'dzina la dziko lathu, yemwe ambiri amachita kumuika kadenga ndi cholembera akasindikiza kale. Chizindikiro chikatuluka ngati kabokosi kopanda kanthu, sinthani mtundu wa zilembo, yesani Arial kapena Times New Roman.

Mapepala olakwika posindikiza omwe ali ndi dzina la Allah kapena ma ayah musawaphatikize ndi okulungira mandasi. Aikireni katoni yawoyawo pambali pa makina osindikizira, ndipo ikadzaza muwaotche pamalo oyera kapena kuwakwirira.