MASEWERA A NKHONDO PA GOME

Ku maiko a Ulaya kuli masewera amene akuru ndi ana omwe awakonda. Pa gome lalikuru aumba timapiri, naika timitengo ndi tinyumba, nandandalika tiasilikari ta mtobvu. Anthu awiri akhala ngati atsogoleri a nkhondo. Asuntha magulu ao monga mwa muyeso, ndipo magulu akakomana, aponya maere kuti aone wopambana. Mu 1913 H. G. Wells wa ku England analemba buku la malamulo a masewera otere, dzina lace Little Wars.

Osewera akonda kubwereza nkhondo zomveka za kale, ndipo apa pali bvuto. Pa bawo anthu awiri ayamba ndi nkhomo zolingana, koma nkhondo yeniyeni siitero ai.

Taonani nkhondo ya ku Waterloo, m'dziko la Belgium, pa 18 June 1815. Napoleon wa ku France anali ndi asilikari ngati 72,000, ndipo Wellington wa ku Britain anali nao ngati 68,000. Usiku kunagwa mvula yambiri, ndipo cifukwa ca matope nkhondo inayamba dzuwa litakwera. Madzulo anafika Blücher ndi ankhondo a ku Prussia ngati 50,000 kudzathandiza Wellington, ndipo Napoleon anagonja.

Tsono wosewera m'malo mwa Napoleon adzadandaula, nati, "Ndipambana bwanji ine, popeza adani anga adzacuruka madzulo?" Kodi ticotse ankhondo a Blücher? Tikatero tanamiza mbiri, ndipo si Waterloonso ai. Koma tikangowasiya, mnzathu alowa m'masewera atagonja kale. Ndiponso wosewera m'malo mwa Wellington adziwa ora limene thandizo lidzafika, cimene mwini wace sanacidziwa tsiku lija.

Osewera anzeru sacepsa asilikari kapena kuwaonjezera, koma atsata njira zitatu. Yoyamba, maere ndiwo anena ora lofika ankhondo a Blücher, kuti onse awiri akhale ndi nkhawa monga atsogoleri aja. Yaciwiri, apangana asanayambe kuti kupambana n'ciani. Ngati wa Napoleon asunga magulu ace osabalalika kufikira mdima, wacita koposa Napoleon mwini wace, ndipo ayesedwa wopambana. Yacitatu, asewera kawiri nasinthana mbali, kuti yense alaweko katundu wolemerayo.

Potero mbiri ikhala yoona, ndipo masewera akhala olungama. Tisaiwale kuti ku Waterloo kunafa ndi kulasidwa anthu zikwi zambiri. Sikuyenera kusanduliza mbiri yao kuti ife tikondwere, ndiponso sikuyenera kuitana mnzathu ku masewera amene sangathe kupambana.

MAFUNSO

1. Kodi nkhondo isiyana bwanji ndi bawo?
2. Cifukwa ninji sitiyenera kucotsa ankhondo a Blücher?
3. Chulani njira zitatu zolungamitsira masewerawa.