Musanagule kamera, funsani kaye khadi lake

Kamera za kaunjika zachuluka m'misika mwathumu. Amalonda akubwera nazo kuchokera ku Joni ndi ku Dar es Salaam, ndipo ophunzira akuzithamangira kuti azijambula pa maukwati ndi pa zinkhoswe, apezeko ya sopo ndi ya fizi. Zimenezi nzabwino ndithu. Koma chimene chimandidandaulitsa ine nchakuti ogula amangofunsa mtengo basi, osafunsa kuti kamerayo imalowa memori khadi lanji. Paja safunsa adadya phula.

Makhadi amenewa ngosiyanasiyana, abale anga. La CompactFlash lidatuluka mu 1994 kuchokera ku kampani ya SanDisk. Ndi lalikulu, lolimba, ndipo kamera zikuluzikulu zakale za Canon ndi Nikon zimalowa limeneli. Vuto lake ndi timisomali 50 tomwe tili m'kati mwa kamera: mukalowetsa khadi mokakamiza, kamodzi nkupindika, ntchito yaima.

La SmartMedia, la kampani ya Toshiba, lidathera pa 128MB. Sony idabweretsa lakelake, Memory Stick, mu 1998. Olympus ndi Fujifilm nawo adapanga la xD mu 2002, koma lidalekezera pa 2GB. Eni akewo adatembenukira ku SD kalekale. Tsono inu mukagula kamera yolowa xD poona kutchipa, khadi lake mukalipeza kuti? Mudzazungulira Limbe yense mpaka nsapato kutha.

Amene adapambana mpikisanowu ndi khadi la SD, lomwe SanDisk, Panasonic ndi Toshiba adapanga mogwirizana mu 1999. Komatu nalonso lili ndi mitundu. SD weniweni amafika pa 2GB, SDHC ya mu 2006 imafika pa 32GB, pomwe SDXC ya mu 2009 imafika pa 2TB. Maonekedwe ngamodzi, koma kamera yakale singawerenge khadi la mtundu watsopano. Imangoti "card error", inu nkumayesa kuti akugulitsani kamera yakufa. Onaninso liwiro: 10 yolembedwa m'kati mwa chilembo cha C ikutanthauza kuti khadilo limalemba 10MB pa sekondi, pomwe V30 ndi 30MB. Ojambula vidiyo, khadi lochedwa limakudulirani filimu pakatikati.

Tsopano nkhani yaikulu nayi: makhadi achinyengo. Pamwamba alemba 64GB, m'kati muli malo ochepa chabe, koma adalikonza kuti lizinamiza kamera. Inu mumajambulabe mosangalala, chonsecho malo adatha kale ndipo zithunzi zikuonongeka. Mumadzazindikira pa kompyuta, zitakana kutseguka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Langizo langa ndi ili: khadi latsopano lidzazeni kaye lonse, kenaka mutsegule zomwe mwaikamozo muone ngati zonse zili bwino. Pulogalamu yaulere ya H2testw imagwira ntchito imeneyi pa kompyuta. Ndipo kuli bwino kunyamula makhadi awiri a 32GB kusiyana ndi limodzi lalikulu. Lina likafa, simulira zonse.

Kwa inu amalonda anzanga ndikuti: mulole wogula ayese khadi asanapereke ndalama. Phindu la khadi labodza ndi la tsiku limodzi, koma wojambula amene mwamugulitsayo akayankha chiyani kwa ankhoswe? Mpunga ukapserera amaphika wina, koma ukwati sabwereza ayi.